Injini ikamangozima: fufuzani mafuta musanakhudze masikuluu a kabuleta

Okutobala akafika kuno ku Mangochi, mchenga ukamaotcha moti simungaponde opanda nsapato, odwala anga amabwera ndi matenda amodzimodzi. Wa kabaza akukankha njinga kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi, mwini boti wa ku Makawa wasenzetsa alovi awiri Yamaha Enduro yake, wina wanjata jenereta pa kaliyala. Mawu awo ndi amodzi: "Amisiri, ikumalira bwinobwino, kenako n'kungozima yokha." Ndikayang'ana mutu wa sikuluu ya kabuleta, kachipangizo kosakaniza mpweya ndi mafuta, ndimapeza ndi wophwanyikaphwanyika. Ndiye kuti anthu atatu kapena anayi ayesapo kale mwayi wawo, ndipo palibe amene akukumbukira pamene sikuluuyo inali poyamba.

Amene anandichititsa kulemba izi ndi mnyamata wina wobwera kuchokera ku Johannesburg. Anabwera ndi njinga yamoto yothamangira m'fumbi, pamodzi ndi chitini cha mafuta a mpikisano, aja amagulitsa makampani ngati VP Racing Fuels ndi Sunoco. Atathira, njinga imene inkayenda bwino pa petulo wamba inayamba kutsamwa akaipatsa moto mwadzidzidzi, n'kumazima pa mphambano iliyonse. "Amalume, mafutawa ndi odula, sangakhale olakwa," anatero. Ananenadi zoona. Mafutawo analibe mlandu, koma kabuleta inali isanauzidwe kuti chakudya chasintha.

Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta pa muyezo wake: pa kulemera, magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo weniweni. Galimoto zamakono zili ndi sensa ku ekizozi imene imauza kompyuta kuti iwonjezere kapena ichepetse mafuta. Kabuleta ilibe nzeru zimenezo. Ili ndi timabowo tamkuwa, majeti, ndipo imapereka zimene bowo lalola, basi. Mafuta ambiri a mpikisano amawathira ethanol kapena MTBE, mankhwala amene amabwera ndi okosijeni wawo m'thupi. Pa kulemera kwa ethanol, magawo pafupifupi 35 pa 100 ndi okosijeni, ndipo ethanol payekha amapsa bwino pa magawo 9 okha a mpweya. Bowo likakhala lomwelo koma mafuta odutsamo ali ndi okosijeni kale, injini imapeza mpweya wambiri, chowotcha chochepa. Ine ndimati injini ili ndi njala. Imatentha, imatsamwa, imazima.

Musaganize kuti ndi nkhani ya ochita mpikisano okha. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe: inayamba ndi fakitale ya ETHCO ku Dwangwa, kenako PressCane ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Petulo wokhala ndi ethanol magawo 10 pa 100 amafuna mpweya pafupifupi 14.1, wa magawo 20 pafupifupi 13.5. Choncho boti la ku Malombe ndi njinga ya mnyamata uja zimadwala matenda a pachibale, ndipo kafufuzidwe kake n'kamodzi. Chofunika n'kutsata ndondomeko, osadumpha.

Choyamba: onani mafutawo ndi maso anu

Pezani botolo loyera la galasi, louma bwino m'kati. Tsekani tapu, masulani kasikuluu ka pansi pa kambale ka kabuleta, mafuta onse a m'menemo agwere m'botolo. Tengakoninso ena a pansi penipeni pa thanki. Mugwiritse kapaipi ndi kampira kopopera, osati pakamwa. Mafuta ambiri a mpikisano ali ndi mtovu, ndipo ngakhale petulo wamba akalowa m'mapapo munthu amagonekedwa kuchipatala. Fodya, mbaula ndi nyali za usipa zikhale kutali.

Ikani botolo pamthunzi mphindi zisanu. Mafuta abwino amaoneka mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akaoneka achifunga ngati madzi otsukira mpunga, amwa chinyezi. Mukaona mzere, pamwamba petulo, pansi kadziwe kena kosiyana mtundu, mwapeza mfiti yanu. Ethanol amakonda madzi kuposa petulo. Amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo madziwo akafika pafupifupi theka la gawo limodzi pa 100, ethanol amasiyana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo. Tangoganizani, madzi osadzaza n'komwe kapu ya tiyi akwanira kuwononga chigubu cha malita 20. Tsono paipi ya mafuta imayamwa kuchokera pansi, ndiye choyamba kufika ku kabuleta ndi madzi aja.

Kwa eni maboti apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Mu injini ya two-stroke oyilo amasakanikirana ndi petulo, ndipo mafuta akagawikana oyiloyo amatsalira m'gawo la pamwamba. Za pansizo zilibe oyilo. Injini ikakakamira kulira nazo, pisitoni imakhala ikukhula chitsulo pa chitsulo. Ndinalandirapo injini yoteroyo kuchokera ku Msaka: thanki inagona m'boti sabata ziwiri za mwera, kasikuluu kolowetsa mpweya m'thankimo kali kotsegula, mafunde akuwaza. Mwini wake ankati waloza ndi mnzake wa chilimira china.

Mafuta ogawikana samachiritsika. Kugwedeza sikuthandiza, amagawikananso. Ngakhale a pamwambawo ataya ethanol amene ankakweza octane, mphamvu ya mafuta yoletsa injini kugogoda, ndiye amagogodetsa injini. Khuthulani thanki yonse, iume, muthire atsopano. Otsalawo tsukirani zitsulo, musawatayire m'nyanja.

Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa ethanol m'mafuta amene mwagula, makamaka a m'zigubu nthawi imene pa filling station pauma, gulani sirinji ku famase. Thirani madzi mamililita 20 m'botolo lopyapyala, lembani mzere, wonjezerani petulo mamililita 100, tsekani, gwedezani, dikirani. Ethanol athawira m'madzi ndipo mzere ukwera. Ukafika cha pa mamililita 30, ethanol ndi pafupifupi magawo 10 pa 100. Cha pa 40, ndi pafupifupi 20. Muyeso umenewu umaperewera pang'ono, koma ndi wokwanira kukuuzani ngati mafuta a lero akusiyana ndi a sabata yatha. Parafini sioneka mwanjira imeneyi. Imeneyo dontheza pa pepala loyera: petulo amauma osasiya kanthu, parafini imasiya banga.

Chachiwiri: kodi mafuta akufika?

Pa njinga kapena jenereta, siyani kasikuluu ka pansi paja kali komasula, tsegulani tapu, mafuta ayende mphindi yathunthu. Osati masekondi asanu, chifukwa vuto limeneli limabisala poyamba. Akayamba mwamphamvu n'kumafooka mpaka kudontha, tsegulani chivindikiro cha thanki. Akayambanso kuthamanga, kabowo ka mpweya ka pa chivindikiro katsekeka ndi fumbi. Ndi matenda a njinga imene imayenda kuchokera pa boma mpaka kwa Mpondasi n'kuzima, mwini wake n'kutsegula thanki kuti aone ngati mafuta alimo, n'kulira yokha, iye n'kumadabwa.

Akapanda kusintha, pitani ku sefa ndi ku kasefa ka m'tapu. Ethanol ndi wotsuka wamphamvu: amamatula dzimbiri ndi utomoni wakale umene unamata m'thanki zaka zambiri, zonse n'kukaunjikana pa sefa. N'chifukwa chake injini yakale ikasinthidwa mafuta imatha kutseka sefa ziwiri zotsatizana. Musadandaule nazo, sinthani. Paipi nayo ifinyeni ndi zala. Ikakhala yofewa ngati bubble gum kapena youma yong'aluka, yatha ntchito. Mapaipi ena akale amasupuka m'kati, kunja akuoneka abwinobwino, kachikopa kosupukako n'kumatseka njira injini ikamayamwa mwamphamvu. Dulani kachidutswa muone m'kati. Mapaipi oyera aja a madzi kapena a dripi musaikepo, sachedwa kuuma.

Pa boti, kampira kopopera kamakuuzani zambiri mukamakamvetsera. Muvi wake uloze ku injini. Kakaphwa n'kukhala kophwatalala injini ikulira, chotchinga chili kumbali ya thanki: kasikuluu ka mpweya katsekedwa kapena kasefa ka m'thanki kadzaza. Injini ikamafuna kuzima, inu n'kufinya kampirako iyo n'kutsitsimuka, ndiye kuti pampu ya mafuta yafooka, kachikopa kake kang'ambika, kapena paipi ikuyamwa mpweya polumikizira. Kakakana kulimba ngakhale mupope kangati, mwina mavavu ake afa kapena singano ya fuloti, choyandama cha m'kambale ka kabuleta, sikutseka. Ndipo poyesa injini ya boti kumtunda, mwendo wake ukhale mu dilamu ya madzi, muone kuti kamkodzo kake ka madzi oziziritsa injini kakutuluka.

Chachitatu: funsani choki ndi pulagi

Injini itenthe kaye. Kenako, pamene ikuyamba kutsamwa, kokani choki theka. Choki imachepetsa mpweya kapena kuwonjezera mafuta. Injini ikasangalala nayo, ili ndi njala. Ikaipiraipira n'kutulutsa utsi wakuda, ikumira ndi mafuta ochuluka, ndipo ethanol mwina alibe nawo mlandu: yang'anani sefa ya mpweya ndi fuloti.

Pulagi ndi mboni yachiwiri. Kadothi ka pakati kakaoneka ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Kakayera ngati phulusa, njala. Kakada ndi mwaye wouma, kumira. Mukaona timadontho tonyezimira ngati siliva, imani pomwepo: ndi pisitoni imeneyo yayamba kusungunuka.

Muonenso kuti vuto likubwera moto uli pati, chifukwa kabuleta ya njinga ili ngati antchito atatu opatsirana ntchito. Kuyambira pa idling, injini ikulira payokha, mpaka kotala ya moto, wogwira ntchito ndi jeti yaing'ono, pilot jet, ndi sikuluu yake. Kuyambira kotala mpaka makotala atatu ndi singano yaitali ya pakati. Kupitirira apo ndi jeti yaikulu. Injini yozima pa mphambano, yovuta kuliza m'mawa, yophulitsa ku ekizozi mukatseka moto, kapena yochedwa kutsika mukasiya akisileta, ikuloza jeti yaing'ono. Kuzima kwambiri kumene ndimakumana nako kumakhala kumeneko.

Musanamasule kabuleta, onani labala yolumikiza kabuleta ku injini. Ikang'aluka imalowetsa mpweya wakuba, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi za mafuta a okosijeni. Injini ikulira payokha, thirani timadzi ndi sirinji mozungulira labalayo. Kulira kukasintha, mwapeza mng'alu.

Chachinayi: tsukani, kenako sinthani

Yalani nsalu yoyera pa tebulo, osati pa mchenga. Musanachotse sikuluu ya mafuta, ipotokoleni mofatsa kulowa m'kati mpaka igunde, mukuwerenga, ndipo mulembe. Isamangidwe mwamphamvu, nsonga yake imathyoka. Njinga zambiri zazing'ono zimakhala cha pa kuzungulira kamodzi ndi theka kapena kawiri, koma nambala ya injini yanu ndi imene mwawerengayo.

M'kambale mukapeza ufa woyera kapena zobiriwira zonga ndere, ndi ntchito ya madzi ndi ethanol pa aluminiyamu ndi mkuwa. Chotsani jeti yaing'ono muiyang'anitse ku dzuwa. Bowo lake ndi laling'ono, silifika n'komwe theka la milimita pa njinga zambiri, ndipo liyenera kuoneka lozungulira bwino. Lotsekeka theka limaonekabe kuwala, n'chifukwa chake ambiri amati "ndatsuka kale". Iviikeni mu carb cleaner, pemererani ndi mpweya wa pampu, ndipo ngati pakufunika kutokosa, tengani kachingwe ka nayiloni ka mbedza kapena kawaya kamodzi kofewa ka kopa. Singano yosokera ndi waya wa buleki zimakuza bowo mokhotakhota, ndipo jeti yoteroyo simungaikhulupirirenso. Timabowo ta m'mbali mwa jeti ndi tanjira ta m'thupi la kabuleta tipemereninso.

Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta m'kati, yabooka, imamira, ndipo kabuleta imasefukira. Singano yake yaifupi ili ndi nsonga ya labala. Ikatupa imakakamira potsekera, mafuta osalowa, ndipo ikadyeka mzere siyitseka. Fuloti ikakhala yotsika kwambiri, mafuta m'kambale amachepa ndipo injini imakhala ndi njala paliponse. Mulingo wake uli m'buku la injini. Pa makabuleta ambiri msoko wa fuloti umayenderana ndi mlomo wa kambale singano itangogunda.

Mwabweza zonse, mafuta ndi atsopano, koma choki ikunenabe kuti njala. Tsopano ndiye mwaloledwa kugwira masikuluu. Apa anthu amasokoneza kwambiri, chifukwa masikuluu alipo a mitundu iwiri yochita zosemphana. Ikakhala kumbali ya injini, ndi ya mafuta: kumasula kumawonjezera mafuta. Ikakhala kumbali ya sefa ya mpweya, ndi ya mpweya: kumanga ndiko kumawonjezera mafuta. Sunthani kotala ya kuzungulira, dikirani masekondi khumi, mverani. Funani pamene injini ikulira mokwera ndi mosalala, kenako tsitsani kulirako ndi sikuluu ya idling. Sikuluu ya mafuta ikapitirira kuzungulira katatu, kapena ya mpweya ikatsala pang'ono kutsekeratu injini isanakhutire, jeti yaing'ono yachepa. Gulani ya nambala yotsatira.

Njala ikakhala pakati pa moto, chotsani singano yaitali. Zambiri zili ndi mipata isanu ya kaklipi. Kutsitsa kaklipi mpata umodzi kumakweza singano, mafuta n'kuchuluka. Mpata umodzi, yesani, osati iwiri.

Jeti yaikulu ndiyo yoopsa, chifukwa njala ya kumeneko siyizimitsa injini, imaboola pisitoni. Pezani msewu wowongoka wopanda anthu, mbuzi ndi njinga zakapalasa. Thamangani moto wonse mu giya yapamwamba, kenako bwezani moto pang'ono chabe. Njinga ikaoneka ngati yawonjezera mphamvu, jeti yachepa. Kuti mutsimikize, thamanganinso, gwirani kilatchi n'kuzimitsa nthawi yomweyo, imani muone pulagi. Majeti a makabuleta a Keihin ndi ambiri a ku China nambala yake ndi kukula kwa bowo: 100 ndi milimita imodzi. Popeza mafuta odutsa amatsata kukula kwa malo onse a bowolo, kukuza bowo ndi magawo awiri ndi theka pa 100 kumawonjezera mafuta pafupifupi magawo asanu. Ndiye kuchoka pa 100 kupita pa 102 kapena 105 ndi ulendo wautali kale. Majeti ena a makabuleta a Mikuni amawerengedwa mwanjira ina, musasakanize mitundu. Pa mafuta a mpikisano, werengani zimene opanga alemba: VP imanena kuti injini yoyendera mafuta ake otchedwa Q16 imafuna mafuta owonjezera magawo 4 mpaka 6 pa 100. Yambani ndi jeti yokulirapo, muzitsika. Jeti yokula kwambiri imadetsa pulagi ya mtengo wochepa. Yochepa kwambiri imakugulitsani mbuzi.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani. Ndipo kumbukirani kumene mukuchunira. Kuno kunyanja tili pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wochindikala. Mukakwera mapiri kupita ku Namwera ndi ku Chiponde mpweya umapepuka ndipo injini imakhuta yokha, palibe choopsa. Choopsa n'kuchuna kumtunda n'kutsikira kuno. Momwemonso injini yochunidwa pa malire mu Okutobala imakhala ndi njala m'mawa wozizira wa Julaye.

Eni maboti, musayese kuchiza njala pothira oyilo wambiri. Oyilo amalanda malo a petulo m'jeti momwemo, ndiye njala imakula, pulagi n'kuda. Ngati buku la injini yanu likuti 50 pa 1, ndi mamililita 20 pa lita, theka la lita pa malita 25.

Ikamazima itatentha kokha

Iyi ndi ya nyengo yotentha. Petulo wosakaniza ndi ethanol amaphwera msanga kuposa petulo yekha, ndipo ethanol amawira pa madigiri 78. Wa kabaza akaima kudikira pasenja dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa injini kumakwera n'kuwiritsa mafuta m'paipi ndi m'kambale. Paipi imadzaza nthunzi, kapena mafuta amasefukira m'njira ya mpweya. Kuyesa kwake n'kosavuta: nyowetsani nsalu, kulungani kabuleta ndi paipi mphindi zitatu. Ikalira, vuto ndi kutentha. Patutsani paipi italikirane ndi silinda ndi ekizozi, ndipo onani ngati kachidutswa kotchinga kutentha pakati pa kabuleta ndi injini kalipo. Amakaniko ena amakataya poti n'kapulasitiki chabe. Ikapanda kulira ngakhale mwaziziritsa kabuleta, yesani moto wa pulagi nthawi yomweyo injini ikadali yotentha, chifukwa koyilo yotopa nayo imafa ikatentha n'kudzuka ikazizira, ndipo anthu amanamizira mafuta. Pa boti, fundani thanki ndi thumba lonyowa, kasikuluu ka mpweya kali kotsegula poyenda, kotseka mukakocheza.

Injini ikamakagona kupitirira sabata, tsekani tapu kapena chotsani paipi, ilire mpaka izime, kenako khuthulani kambale. Petulo wa m'chigubu atsekedwe zolimba, akhale pamthunzi, ndipo ine sindimusunga kupitirira mwezi. Mafuta a mpikisano ndi osapirira kuposa apa: akhale m'chitini chake chachitsulo chotseka, ndipo mukamaliza kuthamanga achotseni m'thanki ndi m'kabuleta tsiku lomwelo, muyendetsemo petulo wamba pang'ono kuti atsuke. Akagona m'kabuleta amadya labala, ndipo zopepuka zimene zimathandiza injini kulira msanga zimauluka.

Njinga ya mnyamata uja inafuna jeti yaing'ono ya nambala yotsatira ndi jeti yaikulu yokwera masitepe awiri, ndipo kutsamwa kunatha. Mnzake wa kabaza anapempha lita imodzi kuti naye aulukeko. Ndinamuletsa: octane yokwera imangoteteza injini yopanikiza kwambiri kuti isagogode, ndipo Lifo yake yonyamula matumba a usipa siyipanikiza choncho, akanangopeza kuzima komweko. Chitinicho chinatha Loweruka lachiwiri. Majeti akale ndinali nditamusungira m'bokosi la machesi, nditalemba manambala pachikuto, ndipo Lolemba m'mawa anabwera nalo kuti tibwezeretse, njinga itayamba kufuka utsi wakuda pa petulo wa pa pampu.